Mfumu Yotuluka Msanga

Ndinawanamiza alamu anga, ndipo bodzalo ndalilera zaka khumi ndi chimodzi mpaka lamera ndevu. Inu, tamverani.

Unali mpikisano wa chesi wa makampani, m'holo ya kuntchito kwathu. Ine anandiponya kwa alamuwo, amuna a mlongo wanga, katswiri woti akakhosomola, anzake ankagonja masewera asanayambe. Titangoyendetsa msilikali mmodzi aliyense, ntchentche inatera pa mfumu yanga. Poiingitsa, chala n'kukhudza mfumuyo. Lamulo ndi loti chimene wakhudza, uyendetse. Mfumu yanga inatuluka ngati munthu wothawa nsikidzi, n'kuima kutsogolo kutsekereza anzake onse.

Alamu anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Anausaka msampha mbali zonse, thukuta kamukamu, mpaka nthawi yawo pa wotchi inatha. Ine wopambana.

Tsono mwambo wake, mukamaliza mumabwereza masewerawo limodzi, anthu atakuzungulirani.

"Alamu, mfumu ija cholinga chake chinali chiyani?" anandifunsa.

Pamenepo ndikanangoti ntchentche. Koma maso makumi anayi ali pa ine, mapewa anakwera okha.

"Amenewo ndi mayambidwe achinsinsi. Mfumu yobisala kumbuyo adani saiopa."

Alamu aja anatulutsa kope n'kulemba.

Kuyambira pamenepo mpikisano uliwonse ankatulutsa mfumu, n'kumakwapulidwa ngakhale ndi anthu osadziwa kumene kavalo amalowera. M'timu yawo anatsika kuchoka pa tebulo loyamba, kupita lachitatu, lachisanu, mpaka kukhala wonyamula mabolodi. Akagonja, ulendo kwathu.

"Ndalakwitsa pati, aphunzitsi?"

"Mwaibweza msanga."

Ulendo wotsatira, "Mwachedwa kuibweza."

Bodza lili ngati galu wa eni, ukam'patsa fupa kamodzi amabwera ndi abale ake.

Loweruka lapitali anafika ndi makope atatu odzaza, nkhope ikuwala. Timu yawo inali itawauza kuti akagonjanso, achoke.

"Ndazitulukira, alamu. Mawa mfumu ndiifikitsa pakati penipeni."

Mlongo wanga, amene anabwera nawo, anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira tili ana ndikaba shuga. Ndinayamba ndayang'ana khomo ngati lili lotsegula, n'kusendeza kutali bolodi yanga yathabwa kuopa angandiswe nayo, kenako ndinagwada pa kapeti.

"Alamu, pepani. Mawa mfumu ikhale kwawo. Mayambidwe aja si anga, mwini wake ndi ntchentche, ndipo nayonso sinkadziwa chesi."