Makobiri Obooka

Ine ndine munthu wamanyazi, ngakhale nkhuku ndimachita kuipempha njira. Koma tsiku lina ndinadzichititsa manyazi tauni yonse ikuona. Sekani mukhute, ine sindinapepese.

Ndinakulira ku Angonia, kwa Apwitikizi, kumene ndalama ndi masikudo, ndipo iliyonse ndi yathunthu. Nditakwatiwa ndi kalaliki wa ku Fort Jameson n'kusamukira kwawoko, apongozi anga anandituma koyamba kukagula sopo ndi mchere. Anandipatsa sheleni.

"Chenji mubwere nayo, mwananga," anatero. Ndinadziwa kuti akundiyesa.

Mwini sitolo anandikulungira katundu bwinobwino, n'kuwonjezera siwiti ya basela. Kenako anandiikira makobiri m'manja. Ndikayang'ane, lililonse lili ndi bowo pakati!

Ndipite kwa apongozi ndi ndalama zofumbwa ngati nyemba?

"Bambo, sheleni yanga inali yathunthu. Izi n'chiyani?"

"Chenji, mama."

"Chenji yobooka? Mwaona kuti ndine mlendo eti? Kusukulu ndinapita ine! Ndipatseni zabwino!"

Anatsegula dirowa n'kundionetsa makobiri ena. Onse obooka.

"Ohoo! Kani mumachita kukhala pansi n'kumaboola!" ndinakuwa.

Anthu anadzaza pakhomo. Mwamuna wina anagwera pa thumba la shuga ndi kuseka.

Mayi wina wogulitsa zitumbuwa, yekhayo amene sanaseke, anandigwira pamkono. Anasolola chingwe m'khosi mwake. Makobiri anali atatungidwa ngati mikanda.

"Mwana wanga," ananong'ona, "kuno boma limawapanga choncho. Ife timangotunga kuti asatayike. Tiyeni ndikuperekezeni."

Apa munthu wanzeru akanaweramitsa mutu. Ine ayi. Ndinatembenukira khamu lija.

"Ndiye mwaberedwa nonse! Zapakatipa anatenga ndani?"

Nkhani inayamba ndiyo kufika kunyumba. Ndinapeza apongozi akupota chingwe, misozi ili mbwee ndi kuseka. Ndinagwada n'kupereka chenji. Inali yokwana.

"Mkazi wokana kuberedwa ngakhale ndi boma lomwe, nyumba ino aisunga," anatero, n'kundiveka chingwe chija m'khosi.

Mpaka lero kumsika amanditcha Mayi Zapakati. Ndimavomera mutu uli m'mwamba, chifukwa funso langa lija palibe amene analiyankha.

Ukalakwa pagulu usatsitse mawu, mwina apongozi angakukondere pomwepo.