Mafirizesi a Mitu ya Usipa

Nkhani iyi kwathu amaikonda moti mlendo akangofika, asanamwe n'komwe madzi, wina amakhala wayamba kale kuinena. Ndiye ndaona kuti bola ndiinene ndekha, manyazi ake ndisenze mwini wakene, kusiyana n'kuti mukaimve kwa agogo anga, amene amaithira tsabola wochita kutsokomola naye.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi chaka chimene tinasamuka ku Khondowe kutsikira ku Chitimba. Agogo anali atapuma ntchito ya uphunzitsi, nyumba ya sukulu n'kuibweza kwa eni ake. Tinatsika atatu: agogo, ine Tawonga, ndi Popi.

Popi anali galu wathu, nkhalamba ya ubweya wambiri ngati bulangete. Anabadwira kumtunda kozizira kuja, kumene m'mawa nkhungu imalowa mpaka m'khitchini. Ine ndi iye tinakulira limodzi. Ndagi zonse zimene agogo ankandiponyera tikuchapa kapena tikupita ku tchalitchi, ndinkakaziyesera pa iye kuseri kwa nyumba. Sanayankhepo ngakhale imodzi, koma ankamvetsera kuposa anthu.

Kenako unafika Okutobala wa ku Chitimba. Mayo ine! Dzuwa lake limakuwotcha ngati unalitukwana dzulo. Popi anasiya kudya. Ankangogona pansi pa mtengo wa mango, lilime panja, kupuma mwawefuwefu ngati wakwera phiri lonse lija wapansi. Tsiku lililonse poweruka ndinkabwera chothamanga, mtima uli m'mwamba, kuopa kuti ndikamupeza atauma.

Nzeru inandipeza m'kalasi. Aphunzitsi ali kalikiliki ndi masamu pa bolodi, ine maso ali pawindo monga mwa masiku onse. Panja ana a pulayimale anali atazungulira mayi wogulitsa mafirizesi, aliyense akuyamwa kapepala kake, maso atatsinzina. Ndinati mumtima, ngati madzi oundana akutsitsimula ana awa, Popi angalephere bwanji?

Madzulo ake ndinatola mitu ya usipa imene agogo amadula n'kutaya. Ndinaiwiritsa m'madzi ambiri, n'kusinjiramo kambatata kamodzi. Mchere ayi, shuga ayi. Nditasefa ndi kansalu, ndinathira m'timapepala tija ta mafirizesi n'kumanga mfundo. Mtundu wake unali wa madzi a mumtsinje mvula itagwa kumtunda. Fungo lake musandifunse.

Vuto linali firiji. Kwathu kunalibe. Pamzere wathu wonse inalipo imodzi yokha, ya Anti Mercy, anesi amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Mulanje. Anthu ankasungitsako nyama ndi mabotolo a madzi. Koma za galu? Mu firiji ya munthu? Kwathu kuno ngakhale mbale imene galu wangoinyambita kamodzi imatuluka m'nyumba osabwereranso. Ndinadziwiratu kuti ndikanena zoona, chitseko cha firiji chitsekeka, ndipo Popi wanga watha.

“Odi, anti!”

“Lowa, Tawonga. Monire!”

Anti ankayesetsa Chitumbuka. Ankadziwa mawu atatu okha, monire, yewo ndi chomene, ndipo ankawamwaza paliponse ngati mchere.

“Ndimati mundisungireko izi.”

Ananyamula kamodzi, kukayang'ana pa kuwala, kukanunkhiza.

“Iii, koma zikumveka nsombatu. N'chiyani chimenechi?”

Pakamwa panga panatuluka zinthu zimene mutu sunavomereze.

“N'zakwathu kuno, anti. Zachikhalidwe. Timapanga nyengo yotentha.”

“Zoona? Taonani ine osadziwa! Yewo chomene!”

Mawa lake ndinakatenga kamodzi, kolimba ngati mwala, n'kuthamangira nako pansi pa mango paja. Ndinang'amba pepala, n'kuika pa chivundikiro cha ndowa. Popi ananunkhiza, n'kundiyang'ana ngati akufunsa kuti zimenezi n'zake ndithu. Ananyambita kamodzi. Kawiri. Kenako mchira, umene unali utagona sabata yathunthu, unayamba kumenya fumbi. Popi anatisiya chaka chatha, atakalamba mpaka mano kutha, koma ndikatseka maso ndimamuonabe tsiku limenelo: wapana ayisi ndi miyendo yakutsogolo, mphuno ili noninoni, masamba a mango ali zii opanda kamphepo.

Tsiku lachitatu ndinapeza timapepala tachepa.

“Usadabwe, ndalawako tiwiri,” anatero Anti, akuvala nsapato za kuntchito. “Koyambako kanandivuta, sindinama. Kachiwiri ndinachita kutseka mphuno.”

“Anti, musadzivutitse. Si aliyense amene amazitha.”

“Ayi, ndikufuna ndizolowere! Sindifuna anthu azinena kuti anesi a ku Mulanje aja ndi onyada, amasala zakudya za eni dziko.”

Apa m'pamene mwana wanzeru akanaulula. Koma ndinayang'ana firiji ija ikung'ung'udza pakona, ndinakumbukira lilime la Popi, n'kungoti, “Ambiri amavutika choncho poyamba.”

Sabata ziwiri zinatha motero. Ine kupanga, Popi kunyambita, Anti kutengapo tiwiri patsiku ngati mankhwala a kuchipatala. Tsiku lina anatulutsa kope ndi bolopeni.

“Tandiuza resipi yake. Usipa wathunthu?”

“Mitu yokha, anti.”

“Mitu yokha! Shuga?”

“Osayerekeza.”

“Eee, anthu a kumpoto ndinu olimba mtima!”

Ndinaganiza kuti angolemba n'kuiwala. Sindinawadziwe bwino Anti Mercy.

Loweruka lina masana amayi a ku tchalitchi anapangana zokawachezera, kuwalandira m'dera monga mwa mwambo. Anafika asanu ndi atatu, atavala zitenje zawo zabwino, agogo ali patsogolo. Ine Anti anandiitana kuti ndikathandize kusambitsa alendo m'manja. Anaimba nyimbo, anapemphera, thukuta lili kamukamu. Ndinkayembekezera tiyi ndi mabanzi.

Anti analowa kukhitchini, n'kutuluka atanyamula beseni lalikulu. Lodzaza. Nditaona mtundu wa madzi a mumtsinje uja, jagi inatsala pang'ono kundipulumuka.

“Amayi, kwatenthaku ndati ndikukonzereniko kenakake. Ndapanga ndekha ndi manja angawa!”

Nkhope yawo ikuwala ngati mwana amene wakhoza mayeso.

Tsono mudziwe kuti amayi akwathu chakudya cha pakhomo pa munthu sakana. Atha kufa nacho, koma kukana ayi. Aliyense anatola kake, kuthokoza, kuluma pakona.

Nkhope zonse zinachita tsinya.

NyaMhango, mayi wamkulu wa kwaya, anameza movutikira, misozi ili lengelenge.

“Zozizira bwino,” anatero.

Kumbuyo kwanga wina ananong'oneza mnzake m'Chitumbuka kuti anthu a kummwera amadya zinthu zoopsa, koma tingopirira, mwana wa eni wayesetsa. Ndiye onani zinthu: Anti akudya kuti asangalatse Atumbuka, Atumbuka akudya kuti asangalatse Anti, ine ndaima pakati ndi jagi, ndikupempha pansi kuti pang'ambike.

Kenako NyaGondwe. Mayi ameneyu ali ndi mwana amene amagwira ntchito ku Blantyre, ndipo sangathe mphindi zisanu osakukumbutsani.

“Aa, izi ine ndimazidziwa,” anatero, akupukuta pakamwa ndi kampango. “Ndinadyapo kwa mwana wanga ku Blantyre. M'mahotela akuluakulu amapereka mukamaliza kudya. Enanu simuyenda, n'chifukwa chake mukuchita tsinya.”

N'kutola kachiwiri!

Agogo anali atangoyamwa kamodzi, kotsalako akugwira ngati choko. Anakonza kukhosi.

“Anesi, tathokoza kwambiri. Kodi kwanu ku Mulanje zimenezi mumazitchula kuti chiyani?”

“Kwathu? Ayi agogo, n'zakunotu izi! Zachikhalidwe chanu. Wandiphunzitsa mdzukulu wanuyu.”

Mitu isanu ndi itatu inatembenuka pamodzi ngati ili pa waya umodzi.

“Tawonga.”

“Wawa, agogo.”

“Ine ndinabadwa Mtumbuka, ndakalamba Mtumbuka. Chikhalidwe chimenechi chafika liti, ndipo chabwera pa basi iti?”

Ndinayang'ana kukhomo, kuyeza ngati ndingathawe. Koma pakhomo panali patakhala kale munthu wina. Popi. Fungo linamuitana kuchokera ku mango kuja. Wakhala mwaulemu, mchira ukusesa khonde, maso ali pa beseni, dovu likugwa.

Agogo anayang'ana Popi. Anayang'ana beseni. Anayang'ana ine. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akuponya ndagi, iyi sinamutengere nthawi.

“Mitu ya usipa wanga ija,” anatero pang'onopang'ono. “Ndimati akutola ndi amphaka.”

“N'za Popi,” ndinatero, mawu ngati a udzudzu.

“Wati bwanji?”

“Ndi mafirizesi a galu, agogo!”

Chipwirikiti! NyaMhango anatuluka liwiro kufuna madzi otsukira m'kamwa. Wina anafuula kuti “Fumu Yesu!” Wina anayamba kuseka mpaka kutsamira khoma. NyaGondwe anaika kachiwiri kaja pa tebulo mwakachetechete, atakafikitsa kale pakati.

“Za ku Blantyre zija zinali zosiyanako pang'ono,” anatero.

Anti okha sanaseke. Anakhala pansi pa mpando, manja pa mawondo. Ndinadziwa kuti basi, firiji yapita, ndipo Okutobala anali asanathe. Misozi inangoyamba yokha.

“Pepani, anti. Sorry kwambiri. Ndimaopa kuti ndikanena zoona mukana, ndiye Popi afa n'kutentha. Anazolowera ku Khondowe.”

“Tawonga, ima kaye. Sabata ziwiri zonsezi ndakhala ndikutseka mphuno chifukwa cha chikhalidwe cha galu?”

“Eya, anti.”

“Ndipo tiwiri tija ndimatenga tsiku lililonse tinali take?”

“Eya, anti.”

Anatembenuka kuyang'ana Popi. Popi anawagwedezera mchira.

“Ndiye kuti ine, nesi wathunthu wa boma, ndakhala ndikubera galu wokalamba chakudya chake?”

Apa ngakhale agogo analephera kudzigwira. Anti anaseka mpaka kugwira nthiti, kenako ananyamula beseni lonse lija n'kukalitula pakhonde.

“Bambo Popi, pepani, landirani katundu wanu. Kuyambira lero shelefu ya pansi ija ndi yanu mpaka mvula igwe.” Atatero anandiloza chala. “Koma iwe uzilembapo dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu, wamva? Chifukwa vuto ndi lakuti ine ndayamba kuzikonda!”

Bodza musamalisungitse mu firiji ya munthu waulemu: amalidya, kenako n'kugawirako mpingo wonse.