Chimbale Choyimba ndi Kuwala

Ku Tsangano kuli anthu amene mpaka lero akandiona amayamba aseka kaye, moni pambuyo. Sindiwaimba mlandu. Ndinazichita ndekha, masanasana, mudzi wonse ukuona.

Inali nthawi ya nkhondo. Ine ndinali mphunzitsi wosakwatira, ndipo chuma changa chonse chinali jiradisiko, makina oyendera mapilya (mabatire) oyimbira zimbale zakuda zija zazikulu ngati chivundikiro cha mphika. Mtima wanga unali pa Rozinya, koma wovomereza ukwati anali amalume ake, a Zakariya, munthu wokonda nyimbo koma wa makutu ovuta. Tsiku loyamba kuwayimbira, anamvetsera kuthetheka kumene singano imachita pa chimbale chakale, n'kufunsa kuti, "Apulofesolo, anthuwa akuyimba kapena akukazinga chimanga?" Anawonjezera kuti kaseti ya mnyamata wina wa ku chipatala siikazinga. (Mnyamatayo nayenso ankadutsa kawirikawiri pakhomo pa Rozinya, ngakhale kuti njira ya ku chipatala sinali imeneyo.) Zinandipweteka kwambiri.

Kenaka ndinakumana ndi woyendetsa galimoto wina wa mumdipiti uja woperekezedwa ndi asilikali. Anandipatsa kachimbale kakang'ono, konyezimira ngati galasi. "Aka ndiye katsopano," anatero. "Sikakazinga, sikatha, sikafuna singano. Kamayimba ndi kuwala." Zoti kamafuna makina akeake sananene, ine sindinafunsenso. Mphunzitsi amafunsa ana, safunsa oyendetsa galimoto.

Lamulungu masana ndinabwereka chimkuzamawu cha kutchalitchi, ndikulumikiza ku jiradisiko pabwalo pa a Zakariya. Anthu anadzaza. Rozinya anakhala pamkeka pafupi nane, atavala mpango watsopano.

Vuto loyamba linali bowo. Linali lalikulu kuposa kamsomali ka makina, ndiye ndinatsekapo ndi kachidutswa ka phesi. Kachimbale kanayamba kuzungulira bwinobwino. Ndinakokera tebulo padzuwa, n'kupinda manja. Zii.

"Chayamba?" anafunsa a Zakariya.

"Chayamba, amalume. Mukumva kukazinga kulikonse?"

"Iyayi."

"Pronto. Ubwino wake ndi umenewo."

Anagwedeza mutu, ndipo tinakhala anthu oposa kalasi yathunthu tikumvetsera nkhuku. Gogo wina mpaka anayamba kugwedeza phazi (Mulungu amudalitse). Koma a Zakariya sanachedwe. "Nanga oyimbawo afika liti?"

Ndinati dzuwa la ku Tsangano n'lozizira, silikwanira. Ndinatenga tochi n'kuwalitsira kachimbale, dzuwa lili pamutu. Palibe. Ndinakatembenuza. Palibe. Wina anabweretsa nyali ya mafuta, wina galasi lometera ndevu, tonse titazungulira tebulo ngati tikuwombeza. Kumbuyo ndinamva mawu a mnyamata wa ku chipatala uja akuti, "Kapena ndikatenge kaseti?" Ndinatsegula chimkuzamawu mpaka kumapeto, n'kutsitsa singano.

Singano inatsetsereka pagalasipo, chimkuzamawu n'kulira kuti fyiiiiii! Amene anakhalako nthawi imeneyo akudziwa kuti chinthu chimene chinkalira choncho chinali chimodzi chokha, bomba, ndipo chikatha kulira chimagwa. Palibe anafunsa mnzake. Amayi anatola ana, ena ana a eni. A Zakariya, amene ankayenda ndi ndodo, analumpha mpanda wa khola la nkhumba osaukhudza.

Tsopano apa ndi pamene pali manyazi anga enieni. Ine ndinkadziwa kumene phokoso lachokera. Singano ndinatsitsa ndi dzanja langali. Koma nditaona anthu onse akuthawa, ndinaganiza kuti mwina iwo amva china chimene ine sindinamve. Ndinanyamula jiradisiko, kuikumbatira pachifuwa, n'kuliyatsa liwiro. Rozinya anali atakodwa ndi chingwe cha chimkuzamawu n'kugwa pakhomo penipeni potulukira. Anandiitana, "Apulofesolo!" Ndinamulumpha.

Tinabwerera dzuwa litapendeka, mmodzimmodzi kuchokera m'minda ya mbatata. Ndinapeza Rozinya atakhala pakhonde, mnyamata wa ku chipatala akumumanga bondo. Sanandiyang'ane. A Zakariya, akununkha nkhumba, anandiitanira pambali mwaulemu wonse.

"Apulofesolo, nyimbo sitinaimve. Koma mkamwini tamuona."

Rozinya ndi mnyamata wa ku chipatala uja anakwatirana chaka chomwecho, ndipo paukwati panalira kaseti. Ndinamva chisoni chenicheni, sindibisa, ndipo ndavomereza kuti ndinalakwa. Kungoti nthawi zina ndikakhala ndekha ndimaiganizanso nkhaniyi mofatsa, ndipo pamakhala mfundo imodzi imene palibe anafuna kuimva: Rozinya anali ndi miyendo, jiradisiko inalibe.