Ngoda za m'Thanki ya Zefa

Nzeru yonse inabadwira pa bawa ya ku Sakubva, lokeshoni ya mumzinda wa Mutare, Loweruka masana, chigubu chachitatu cha mowa chikuzungulira. Tinalipo atatu. Gavana, mkulu wathu, sukulu anasiyira panjira koma poyankhula ngati loya. Chitsa anali ndi mphamvu za ng'ombe, nzerunso za ng'ombe yomweyo. Wachitatu ndinali ine Tongai, amene ndinkadziona wochenjera kuposa awiriwa. Mudzaweruza nokha.

"Amwene, umphawi tautsanzika," anatero Gavana. "Mukuwadziwa agogo aja, Sekuru Mutsindikwa, makanika amene akukonza galimoto yakalekale ya Zefa? Dzulo ndawasuzumira pampanda. Atsitsa thanki ya mafuta, atenga kathumba, n'kumathiramo miyala. Kenako atseka bwinobwino."

"Miyala ya chani?" anafunsa Chitsa.

"Iwe, kuno ndi ku Mutare! Munthu wa imvi angathire miyala wamba m'thanki? Ndi ngoda zimenezo, dayamondi weniweni, akufuna awolotse malire. Paja amauza aliyense kuti geji ya mafuta inafa, muvi wake sudzuka. Udzuka bwanji pomwe m'malo mwa petulo muli chuma?"

Pamenepo ndinayenera kunyamuka n'kumapita kwathu. Mkazi wanga, Mai Panashe, anali atandiuza maso ali gwa: "Apolisi akadzagogodanso pakhomo pano chifukwa cha inu, ine ndi ana tikukwera basi ya kwathu ku Nyanga, ndipo musadzatilondole." Mayi ameneyo sanena kawiri. Ndinkamuopa, ndinkamukondanso kwambiri. Koma mowa unandinong'oneza kuti palibe mkazi amathawa mwamuna wogula filiji.

Lamulungu m'mawa, Sekuru atalowera kutchalitchi, tinalumpha mpanda. Thanki inali kuseri kwa galaja, yakhazikidwa pa matayala akutha. Pamwamba pake panali bowo lozungulira, polowera chida cha geji, lotsekedwa ndi chitsononkho ndi nsanza. Gavana kuleza mtima analibe. Anazula, nasuzumira, nayetsemula. Munkanunkha viniga.

"Mankhwala otsukira dayamondi amenewo," anatero monyada, chitsononkho n'kuchiponya kutali.

Tinaikweza pa wilibala yomwe ndinabweretsa ine, tinaifunditsa bulangete, ulendo. Abale, phokoso lake! Khocho khocho khocho, dzenje lililonse la mumsewu likuyimba nyimbo yake. Agalu a mzere wonse anatiperekeza. Mayi wina wa yunifolomu ya mpingo anaima n'kufunsa kuti tanyamula chiyani.

"Odwala," anayankha Chitsa.

Tinafika thukuta lili kamukamu pa chinyumba china chosamaliza kumanga, chakumapeto kwa lokeshoni. Titapendeka thanki munatuluka timadzi tofiira basi, miyala n'kukana. Mkati mwa thanki muli zitsulo zotchinga, ife sitinkadziwa. Ndiye tinayamba kugwedeza, Chitsa uko, ine kuno, Gavana akuwerenga ngati mphunzitsi wa masewera. Patapita maola awiri, manja atatuluka matuza, zinakhuthuka: timiyala, manati achitsulo akutha, ndi phala la dzimbiri.

Gavana anatola kamwala, anakanyambita, anakayang'anitsa padzuwa. "Dayamondi wosatsuka amaoneka chonchi," anatero.

"Miyala ya kumtsinje nayonso imaoneka choncho, mwanangu."

Tinatembenuka. Pakhomo panaima Sekuru Mutsindikwa, ali mu suti, Baibulo kukhwapa, kumbuyo kwawo anyamata anayi a chitetezo cha m'dera. Sanavutike n'kufunsa njira. Bowo la geji lija linali litalemba mzere wa dzimbiri kuchokera pagalaja mpaka pamapazi athu.

Mkuluyo sanakalipe. Anawerama, anaunika m'thanki ndi foni, kenako anaimba kamluzu.

"Taonani, chitsulo chayamba kuwala! Dzimbiri limeneli ndi lomwe linatseka paipi ya mafuta n'kugwira kampira koyandama ka geji. Masiku awiri athunthu ndakhala ndikugwedeza ndi msana wangawu, osatheka. Inu m'mawa umodzi! Tsono sankhani, ana anga. Kupolisi, kapena kugalaja. Ndili ndi mathanki ena anayi."

"Madala, tikambirane ngati amuna," anayamba Gavana. Ine n'kuti nditagwada kale, ndikuwomba m'manja, maso ndikuona basi ya ku Nyanga.

Lachitatu masana tikugwedeza thanki yachitatu kutsogolo kwa galaja, Gavana akusefa miyala ngati mayi wosankha mpunga, ndinangoona Mai Panashe akulowa pageti, kambale komanga pansalu kali m'manja. Analunjika kwa mkulu uja.

"Sekuru, ndamva kuti bambo a kunyumba akugwira ntchito kuno. N'zoona?"

Mkulu uja anandiyang'ana nthawi yaitali, dala, mpaka ndinalapa machimo a agogo anga omwe.

"N'zoona, mayi. Sindinachite kumuitana. Anabwera yekha, wilibala ali nayo kale."

Mai Panashe anamwetulira, anathokoza mwaulemu, nabwera kudzayika sadza, nsima ya kuno, ndi matemba pafupi nane. Mtima unakhala pansi. Ndinayamba kale kudzitama chamumtima kuti ndapulumuka mwaukatswiri. Ndiye anawerama ngati akundikonza kolala.

"Wilibala ija ndi yanga, bulangete lija ndi la pabedi pathu," ananong'ona. "Munadutsa pawindo la tchalitchi m'busa ali pakati pa pemphero, mpingo wonse unatsegula maso. Zikwama ndinalongedza tsiku lomwelo, sindinamasule. Gwedezani, bambo a Panashe."

Ndinagwedeza mpaka Chitsa, ng'ombe ya munthu, anayamba kupempha madzi.