A Goma ndi Sipoko ya Njinga

Inu amene mwabwera ku Chama posachedwapa simungawadziwe a Bornwell Goma, munthu amene anachiritsa makompyuta a boma lonse osagwirako ngakhale imodzi. Sindikunama. Manja awo ankakhala kumbuyo ngati msilikali pa perete, ndipo pakafunika kuloza, ankasolola sipoko ya njinga m'thumba la jekete n'kulozera patali.

Ine ndine Irene. Ndinagwira nawo ntchito zaka khumi ndi ziwiri pa ofesi ina pa boma, pomwe aphunzitsi amabwera kudzasindikiza mayeso. Pa kalata yantchito a Goma anali mesenjala. Koma printa yathu inali imodzi yokha, yolumikizidwa ku kompyuta yakale ya pakona, ndipo aliyense wofuna kusindikiza ankatumiza kudzera pa netiweki ya ofesi. Apa m'pamene pankayambira mavuto, chifukwa makina a anthu sanali mtundu umodzi. Ambiri anali a Windows, ena opatsidwa ndi bungwe lina anali a Linux, ndipo mwa apo ndi apo kunkabwera mkulu wa zanyama wa ku Chifunda ndi Mac yake yoonda ngati chimbale.

Munthu akalowa nkhope ili gwa, a Goma ankayamba ndi funso limodzi: "Mwana wanuyu ndi wa kwa ndani?"

"Ndi Linux, a Goma."

"Eya. Uyu akulankhula Chisenga, printa ikumva Chibemba. Pakufunika womasulira."

Womasulirayo ndi kapulogalamu kamene akatswiri amati dalaiva. A Goma ankadziwa pamtima kuti ndi kati koyenera makina ati, koma kukalowetsa munkalowetsa nokha, iwo ali chilili kumbuyo kwanu, akukupumirani m'khosi.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake.

"Amayi a ofesi," anatero, "chaka chimene makompyuta anafika, ndinadina batani limodzi chabe. Limodzi! Maina a ana a sukulu makumi atatu anapita kumene kunapita makolo athu. Bwana analira ngati pamaliro. Ndinauza Mulungu kuti zala izi zatha ntchito."

Kenaka kunabwera a Madamu Taizya, bwana watsopano wochokera ku Lusaka, nsapato zazitali, magalasi akuda, Mac m'khwapa. Sabata yoyamba yomwe anatulukira mu ofesi mwawo atapsa mtima.

"Ba Goma, chinthu ichi chikukana. Tengani mukonze manje manje."

"Madamu, ine sindigwira."

"Simugwira bwanji? Ndine bwana wanu!"

"Inde, Madamu. Ndiye chifukwa chake khalani pa mpando wabwinowu. Dinani apa." Sipoko inaloza.

Anakhala pansi akung'ung'udza. A Goma anawatsogolera pang'onopang'ono mpaka Mac inaiona printa. Kenaka anafunsa mofatsa kuti, "Paja ikukana, munadina kangati?"

"Sindinawerenge. Kangapo."

Kangapoko kanali ka makumi anai ndi kawiri. Zonse zinali pamzere, zikudikira. Printa inatsokomola n'kuyamba kulavula, pepala pambuyo pa pepala, mpaka ena kugwera pa mapazi a aphunzitsi amene anali pa benchi. Ndipo chinali chiyani? Kalata yopempha kuti awasamutse kuchoka ku Chama, ati kukutentha ngati ng'anjo ndipo msewu si msewu.

A Goma anagwada n'kutola onse, nkhope za mapepala zitaloza pansi.

"Lero Chizungu chandithawa, Madamu, sindikuwerenga kanthu," anatero. Kenaka anatembenukira ku benchi. "Nanunso maticha, chakuthawani."

"Chatithawa!" benchi yonse inavomera.

A Madamu anaseka mpaka kuvula magalasi. Kalatayo sinapite konse. Mpaka lero ali konkuno, ndipo amalima mpunga.

Koma tsiku limene anthu amalikumbukira kwambiri ndi la mayeso a giredi seveni oyeserera, mwezi wa mvula zoyamba. Aphunzitsi anabwera pa njinga kuchokera ku Kambombo ndi ku Tembwe, ndipo anayenera kubwerera dzuwa lisanapendeke, mitsinje isanadzaze, chifukwa ana anali kulemba m'mawa mwake. Magetsi anazima, anabweranso, ndipo kuyambira pamenepo panalibe laputopu ngakhale imodzi yoiona printa. Windows zii. Linux zii.

Tsikulo kunali a Jeff, katswiri wa dipuloma amene anachokera ku Chipata pa ntchito ina. Anapinda malaya n'kuyamba kufafaniza ndi kulowetsanso zinthu m'laputopu iliyonse. Maola awiri anatha. Mitambo inada cha kumapiri. A Goma anali pakhomo, akudya mango.

A Vainess, mphunzitsi wa ku Tembwe amene ankaopa kompyuta kuposa njovu, anayamba kulira. "A Goma, ana anga makumi asanu. Ndikawauza chiyani?"

A Goma anapukuta manja n'kusolola sipoko.

"A Jeff, odwala asanu ndi atatu onse adwale mutu nthawi imodzi? Vuto lili pachitsime. Magetsi akabwerera, kabokosi ka netiweki kaja kamagawa manambala mwatsopano. Gogo wa pakonayu wapatsidwa nambala ina ya nyumba. Alendo onse akugogoda pa nyumba yakale."

"Zimenezo ndinali pafupi kuziona," anatero a Jeff.

"Ndikudziwa. A Vainess, bwerani mukhale apa."

"Ine? Ndiononga!"

"Woononga ndine, ndipo ndaima kuno. Lembani."

Sipoko ikuwalozera, a Vainess anapeza nambala yatsopano ya kompyuta ya pakona, naikhomerera kuti isadzasinthenso, kenaka anazungulira malaputopu onse kuwauza kumene gogo wasamukira. Printa itakoka pepala loyamba, kunamveka nthungululu mpaka ku msika. Aphunzitsi anakulunga mayeso m'mapulasitiki n'kupalasa ngati akuthamangitsidwa. A Vainess anaoloka mtsinje womaliza madzi ali m'maondo, envulopu pamutu, ndipo ana analemba.

A Goma atapuma pantchito anabwerera kwawo ku Kambombo kukalima chimanga. Ankabwerabe Lachisanu lililonse, ati kudzagula mchere, koma mcherewo ankaugulira pa benchi yathu. Chaka chatha, nthawi yokolola, anadwala masiku anai okha. Pa maliro panali anamwino, apolisi, alonda a zanyama, aphunzitsi osawerengeka. A Madamu Taizya anaimirira kuti alankhule m'malo mwa ofesi, anangoti "Ba Goma," mau n'kuthera pomwepo.

Manje tili ndi printa yatsopano. Siisankha mtundu, imamva ngakhale foni. Palibe mzere, palibe kukangana, palibe wofunsa mnzake za mvula ya kwawo kapena za mwana amene anadwala. Munthu amalowa, amadina, amatuluka. Nthawi zina tsiku lonse limatha ndisanamve munthu akuseka.

Sabata yatha a Vainess anabwera, thukuta lili kamukamu, atapalasa kuyambira mbandakucha. Asanakhale n'komwe, mapepala awo anali atatuluka kale. Anawanyamula akadali ofunda, nayang'ana uku ndi uku.

"A Irene, manje ndizipita chabe?"

"Zatha, aphunzitsi. Mungapite."

Anafika pakhomo, anaima, kenaka anabwerera n'kukhala pa benchi, mapepala pamiyendo. Ine ndinatseka kabati, ndinapita kukakhala pambali pawo.