Mlare Ali ndi R

Lolemba

Zaka khumi ndi chimodzi ndikujambula matchati a mvula ndi mpunga pa ofesi ino ya zaulimi. Rula, manila, thukuta la Karonga. Palibe anandigulirapo fani. Kompyuta yangobwera sabata yatha, ili kale ndi fani yakeyake, chitenje chofunda, komanso Lusekelo, kamtsikana ka ku Mwenilondo kamene mzungu wobweretsa makinawo anakaphunzitsa masiku atatu okha.

Bwana akuti Lachisanu kubwera mlendo wa ku likulu, adzasankha mmodzi wokaphunzira kompyuta ku Lilongwe mwezi wathunthu. Lilongwe! Mkazi wanga ali ku Mitundu ndi khanda limene sindinalionebe. Malo amenewo ndi anga.

Dongosolo:
1. Kusuzumira.
2. Kupeza pamene walakwitsa.
3. Kukonza, bwana akuona.

Lachiwiri

Ndikunamizira kusongola pensulo kumbuyo kwa Lusekelo. Akufotokoza osafunsidwa. Akuti dera lililonse lili ndi tsamba lake m'makinamo: Uliwa, Mwenilondo, Mlare. Tsamba lalikulu limaitana lililonse ndi dzina, n'kutengako manambala, tchati n'kudzijambula chokha. "Ngati mama akuitana ŵana ŵake, adada." Adada! Ndilibe imvi ndi imodzi yomwe.

Tchati chimene ine ndimaweramira masiku atatu chatuluka pensulo isanasongoke. Nsanje ikundidya, ndisaname. Iye bwana amamuti "katswiri wathu". Ine ndine "bambo aja a manila".

Lachitatu

Lusekelo wapita ku Uliwa kukatenga manambala, abwera Lachisanu m'mawa. Pampando wakutsogolo wa Landirova! Kiyi wasiyira ine, akuti ndizingopukuta fumbi.

Ndakhala pampando wake. Fani ikundiwomba ngati bwanamkubwa. Ndipo ndamugwira! Tsamba lachitatu walitcha "Mlare". Aliyense amene anakhoza Chichewa ku pulayimale amadziwa kuti r amatsata e ndi i basi. Ndakonza: Mlale. Ndi chala chimodzi, koma ndakonza. Chichewa cha kuno n'chobwereka, mwini wake ndilipo.

Lachinayi

Ndaitana bwana kuti adzaone ntchito yanga. Tchati chatuluka ndi mizati iwiri. Pamalo pa wachitatu pali mbee, pansi pake palembedwa ERR. Bwana akufunsa ngati ku Mlare kwagwa chilala. A mesenjala, kwawo n'komweko, akuti, "Bwana, kwithu vula yikugwa mpaka mabuluku sakuuma."

Ndayesa:
kuzimitsa n'kuyatsanso
kupukuta galasi
kapemphero kakafupi
kumenya pambali ngati wailesi

Ayi ndithu. Kenako nzeru yandifikira: makina amakanika, manila sakanika! Masana onse ndikujambula, inki mitundu itatu. Mawa aona.

Lachisanu

Lusekelo walowa ali fumbi lokhalokha, wayang'ana kamodzi, wasintha chilembo chimodzi. Mzati wa Mlare wadzuka, wautali kuposa yonse. Akundinong'oneza: "Mwana mukamusintha dzina savomera, adada. Ise timati Mlare."

Bwana akufunsa chinavuta n'chiyani. Iye akuti magetsi. Wandibisa! Ndiye kuti ndi mtima womwe wandiposa, ndipo izi ndiye zikundipweteka kuposa tchati.

Mlendo wafika, waombera kompyuta m'manja. Manila anga awapachika pazenera kuti dzuwa lisamathobwe galasi. Mlendo wawagwiragwira, akuti ndi pepala lolimba bwino.

Loweruka

Asankha Lusekelo. Anyamuka Lolemba.

Wabwera kunyumba kudzafunsa ngati ndili ndi katundu wa ku Mitundu. Akuti Loweruka lina adzakwera basi akaone mlamu ndi mwana. Ndimafuna kunena kuti ayi, zikomo, ife sitisowa kanthu. Ndangomva pakamwa panga pakuti, "Kampunga pang'ono."

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve. Ndasoka thumba la mpunga, ndaikamo kalata ndi kamalaya ka khanda, msinkhu wake ndangoyerekeza ndi manja. Mwana wanga ayamba wanyamulidwa ndi Lusekelo, ine bambo wake ndisanamugwire.

M'kalatamo ndauza mkazi wanga kuti Lusekelo amulandire bwino, amuphere nkhuku, asamufunse zambiri za ku ofesi. Ndawonjezera kuti mpungawu ndi wabwino kwambiri, wa ku Mlare. Ndawerenganso kawiri ndisanamate. R alipo.