Kadzidzi Agula Mababu

Nzeru zonsezi zinabadwira pa benchi ya kuseri kwa bala ina pa Bolero, ndipo nzeru zobadwira pamalo otero sizikhalitsa. Panali amuna atatu ndi chigubu cha masese. Woyankhula anali Laws Mhango, amene ankadzitcha Komanda chikhalirecho sanalamulepo ngakhale mbuzi. Pambali pake panali Mike Kamwendo wa ku Ntcheu, amene anabwera ku Rumphi ndi bambo ake aphunzitsi n'kukanirira komweko. Iyeyu ankatchedwa Injiniya chifukwa tsiku lina anamenya wailesi yakufa ndi chikhatho, n'kuyamba kulira. Wachitatu anali Amock Gondwe, mwini wa pikapu yokalamba. Anzake ankamutcha Kadzidzi pomunyogodola, poti kukangoda munthuyo sankaona kanthu.

"Magaye, mverani dilu," anatero Komanda. "Mayi Isabella Msiska, NyaMsiska uja wa sitolo ya kumsika, atsitsa feteleza wodzaza mpaka kudenga. Sabata ino magetsi akumazima madzulo alionse. Mlonda wawo dzuwa likangolowa amapita kukadya kwa mkazi wake wamng'ono, ndipo sabwerako msanga. Tifika, tithyola, tipakira, tilowera msewu wa ku Kazuni. Matumba tikabisa m'chigafa cha amalume. Yatha."

"Shasha ndi inu, Komanda," anatero Injiniya.

Kadzidzi anakanda m'mutu. Ulendo wapita anagunda chulu ali ndi nkhuku za eni m'galimoto, nagona kupolisi. Atatuluka, mkazi wake Kezia sanakuwe. Anangolongedza chikwama n'kuchiika pamwamba pa kabati, n'kunena kuti tsiku limene adzamvenso dzina la Gondwe kupolisi, iye ndi ana akwera basi ya kwawo ku Chiweta. Chikwamacho chinali chikadali pomwepo, ndipo Kadzidzi ankachiona m'mawa uliwonse akamavala.

"Nyali zanga zili ngati koloboyi," anatero. "Msewu wa ku Kazuni sindingauthe. Ndikagundanso chulu, banja langa latha."

"Ndiye vuto ndi mababu basi?" anaseka Injiniya. "Aise, mababu amagulitsa!"

M'mawa mwake anali pa boma, kutsogolo kwa kontena ya bambo wina wogulitsa zipangizo za galimoto. Bamboyo anayala makatoni atatu pathebulo.

"Awa ndi achikasu, ofanana ndi amene muli nawowo, koma atsopano. Awa ndi oyera, owala mokwanira bwino. Awa," anatsitsa mawu, "ndi a malole onyamula malasha. Mukayatsira pa Bolero, mbidzi za ku Nyika zimatsinzina."

Kadzidzi analoza katoni yapakati. Komanda anamumenya dzanja.

"Apakati ndi a aphunzitsi opuma ntchito. Tipatseni owala chomene, madala."

Wogulitsayo sanatsutse. Analandira tayala la sipeya ndi wailesi ya m'galimoto m'malo mwa ndalama, n'kuwafunira ulendo wabwino.

Injiniya anamangirira mababuwo pansi pa mtengo wa mango. Atayatsa, fyuzi inapsa. Anaika ina, inapsanso. Anaganiza pang'ono, n'kutola msomali pansi, n'kuukhomera pamalo pa fyuziyo.

"Fyuzi ndi ya anthu amantha," anatero. Kenako anatseka boneti n'kuipota ndi waya, poti chichitikireni cha chulu chija sinkatsekekanso yokha. Pulayala anaiiwala pamtengo pomwepo.

Masana a tsikulo kunagwa mvula yoyamba. Inagwa yambiri, n'kukata dzuwa likupendeka, nthaka n'kumafuka nthunzi. Aliyense wa m'chigwa chimenechi cha Nkhamanga amadziwa chimene chimatuluka m'zulu madzulo otere. Atatuwa ankangosangalala kuti fumbi lagona.

Mdima utangogwira, magetsi atazima, Kadzidzi anayatsa nyali.

Mayo! Msewu wonse unayera ngati nsalu ya pa guwa. Munthu wa kabaza amene ankabwera kutsogolo anasiya chiwongolero n'kuphimba kumaso, nakathera mu ngalande. Atambala a m'mudzi wa m'mbali mwa msewu anayamba kulira. Kadzidzi anagwetsa msozi.

"Komanda, ndikuona! Ndikuona ngakhale nyerere! Iyo yanyamula kanthu!"

"Yendetsa galimoto, usawerenge nyerere."

Anafika kuseri kwa sitolo ya NyaMsiska, naimika galimoto moyang'anizana ndi khoma lopaka laimu.

"Zimitsa tsopano," ananong'ona Komanda.

Kadzidzi anapotokola swichi. Swichiyo inatsalira m'manja mwake, yofewa ngati chingamu, ikununkha mphira wopsa. Nyali zinangoti ngwee. Anazimitsa injini, nyali ngwee. Injiniya anathamangira ku boneti kuti akachotse waya wa batire, nakumana ndi mfundo zake zomwe. Anaziyesa ndi mano. Komanda anavula jekete n'kuphimba nyali imodzi, koma kuwala kunangodutsa, n'kuonetsa dziko lonse pamene jeketeyo inasokedwa zigamba.

"Liza injini batire ingathe. Tichite changu basi," anatero Komanda.

Choncho msika wonse uli mumdima wa bii, panali malo amodzi okha owala, ndipo pamalopo panali amuna awiri akukanula loko ndi chitsulo, zithunzithunzi zawo zitatalika pakhoma mpaka kudenga. Loko inagonja. Anayamba kupakira matumba.

Kadzidzi ali pachiwongolero anamva kanthu kakugunda galasi. Tapu. Kenako tapu, tapu. Asanaphethire, mpweya wonse unadzaza mapiko. Ngumbi za m'zulu zonse za m'chigwacho, zitasowa nyali ina iliyonse, zinasonkhana pa pikapu ya Gondwe.

Kutali kunamveka mawu a mzimayi: "Mphalataaa!" Ndilo dzina la ngumbi kumeneko.

Anthu anabwera ngati kwagwa ndege. Amayi ndi mabeseni a madzi, ana ndi zitini, abambo ndi zipewa. Kwaya imene inkaphunzira nyimbo kutchalitchi inasiyira vesi pakati. Ena anagwada kutsogolo kwa matayala, ena anakwera pa boneti. Kadzidzi anayang'ana kumbuyo kuti abwerere chafutambuyo, napeza gogo wina atakhazika ndowa pansi pa bampala, iye n'kukhala pambali pake.

Komanda anasendera pawindo, ngumbi zili m'makutu. "Palibe wayang'ana chitseko," ananong'ona. "Uzingomwetulira. Zikatha tinyamuka."

Ndipo zinalidi choncho. Maso onse anali pansi. Mayi wina anafika mpaka pogwira Kadzidzi dzanja, n'kumudalitsa m'chiyankhulo cha komweko.

"Yewo chomene, adada Gondwe! Chiuta wamutumbikani. Ndani wina akanatiganizira chonchi?"

"Ndi zochepa, amama," anayankha Kadzidzi, mtima n'kuyamba kukhala pansi. Mwina chikwama chija chikhalabe pamwamba pa kabati.

Koma anaiwala Injiniya. Munthu wa ku Ntcheu sangaime n'kumaonerera ngumbi zikutoledwa ndi ena. Anadzaza kapusi. Anadzaza matumba a buluku. Anadzaza m'kamwa. Atasowa poika, anakwera m'pikapu, namasula thumba limodzi la feteleza, n'kulikhuthulira pansi lonse kuti apeze saka.

Theka la fetelezayo linagwera m'beseni la mayi wina wojintcha amene anagwada pafupi ndi tayala. Mayiyo anatapa timibulu toyerato n'kutiyang'ana. Anayang'ana sakalo. Kenako anadzutsa mutu n'kuona chitseko chili yasa.

"Mwana wanga," anatero mofatsa, "saka limenelo walipeza kuti?"

"Musavutike, mayi," anayankha Injiniya akutafuna. "Alipo ambiri m'galimotomu, ena ali m'sitolomo. Khuthulani lililonse, mwini wake kulibe."

"Mwini wake ndine."

Komanda ndiye anayamba kuthawa, monga achitira akuluakulu. Sanapite patali. Pansi panali matope ndi mapiko okhaokha. Anaterereka nagwera chagada pakati pa amayi a kwaya, ndipo awiri a alito anangomukhalira osasiya kutola. Injiniya anamangidwa ndi chitenje ku bampala, saka lake atalandidwa. Chimene chinamuliza ndi sakalo.

Abambo anafuna kukokera Kadzidzi kunja kuti onse atatu apite kupolisi nthawi yomweyo. NyaMsiska anakweza dzanja.

"Mukamuchotsa ameneyo, injini aziponda ndani? Mukufuna nyali zife ngumbi zikadalipo? Feteleza wanga sathawa. Polisi sithawa. Akhale pompo mpaka zithe."

Wapampando wa chitetezo cha m'mudzi, amene anafika ndi chibonga ndi wisulo, anavomereza kuti mfundoyo ndi yomveka. Anatsamiritsa chibonga kukhoma n'kuvula chipewa, nayamba kutola.

Kadzidzi anakhala pachiwongolero, phazi pa moto, akuwalitsira dziko lonse umboni wa mlandu wake. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake ankaona chilichonse mumdima: loko yothyoka, matumba, miyendo ya Komanda ikupalasa pansi pa amayi a alito. Ndipo anaonanso, akuchokera mbali ya kunyumba, mzimayi wamtali atasenza beseni lalikulu lochapira, akuyenda mosafulumira.

Kezia anaima pawindo. Anayang'ana matumba, nayang'ana mwamuna wake.

"Amake Pamela," anayamba Kadzidzi, "ineyo kwenikweni ndimangofuna kuyesa mababu..."

"Akuwala bwino," anatero Kezia. "Ndakuonerani ndili pakhonde."

Anatsitsa beseni, nalikhazika pamalo abwino kutsogolo kwa nyali ya kumanja, nakonza chitenje.

"Pondani moto, bambo a Pamela, beseni lidzaze. Ndikazinga usiku uno. Sindingakafike ku Chiweta m'mawa chimanjamanja."

Kadzidzi anaponda moto.